Sanda ya Mayi Mwajuma

Lachiwiri, 12 Januwale 2021

Bismillah. Andigoneka lero cha m'ma 11 koloko m'mawa. Kope ili ndi la mwana wanga Nasra. Linatsala ndi masamba ambiri atamaliza Fomu 4, ndiye waliponya m'chikwama pamodzi ndi zitenje ndi tasibihi, mikanda yanga yopempherera. Ndizilembamo zonse zimene akundichita, chifukwa kuno salola wodwazika, palibe woti azindikumbutsa.

Anandipisa kathonje m'mphuno mpaka misozi kutuluka. Masana zotsatira zabwera: ndi korona. Kachipangizo kamene amapanitsa pachala kanaonetsa 84. Anesi akuti munthu wabwinobwino amakhala pa 95 kupita m'mwamba. Kutentha kwa thupi 38.9. Andiika timapaipi ta oksijeni m'mphuno, malita 5.

M'chipinda cha amayi muli mabedi asanu ndi limodzi, odwala tilimo anayi. Anesi avala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, timangoona maso. Mmodzi walemba dzina lake pachifuwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti tizimudziwa: THOKOZIRE.

Kenako kunabwera bambo a zaumoyo, a Maliko, anaima pawindo ndi fomu. Amafuna mayina a anthu amene ndakhala nawo pafupi masabata awiri apitawa. Ndatchula Nasra ndi mlongo wanga Salimu. Anafunsa kuti, "Kumaliro kapena ku ukwati simunapiteko, amayi?" Ndinati ayi.

Allah andikhululukire. Ndatopa.

Lachitatu, 13 Januwale

M'mawa 88. Mankhwala ndi awa: jakisoni wa dekisametazoni kamodzi patsiku, akuti amachepetsa kutupa kwa m'mapapo, wina wa pamimba woti magazi asaundane, wina wa chibayo wodzera m'kapaipi ka padzanja, ndi panado. Ndinafunsa kuti wopha koronayo ndi uti. A Thokozire anati, "Ameneyo palibe, amayi. Ife tikungothandiza thupi lanu kuti lisagonje pamene likulimbana naye lokha." Ndinakonda kuti sanandinamize.

Atiphunzitsa kugona chafufumimba, pilo pachifuwa, maola awiri, kenako cham'mbali, kenako chafufumimba. Akuti gawo lalikulu la mapapo lili kumsana, ndiye ukagona chagada umawapsinja. Ndinakayika. Anandisiyira kachipangizoko pachala kuti ndidzionere ndekha: 88, 90, 91, 93. Ndaona ndi maso angawa.

Pabedi loyandikana ndi langa pali mayi Iness a ku Nkhunga, amuna awo amadula nzimbe. Analowa masiku asanu apitawo, ndiye amadziyesa eni wodi. Atandiona nkhope ili pansi anati, "Aneba, inu simuvutika, munazolowera. Ife akumpingo angotilowetsa Chisilamu osatifunsa." Ndinaseka mpaka chifuwa chinandigwira, anesi n'kuwakalipira.

Kumpope sindingafike, ndiye m'malo mwa udhu, kusamba kwa mapemphero, ndikuchita tayamamu, kudziyeretsa pogwira khoma ndi manja, n'kuswali chogona. A Thokozire andilozera kumene kuli kumpoto kuti ndipeze kibula, mbali imene timayang'ana popemphera.

Nasra wasiya phala la mpunga pageti. Silikumveka fungo kapena kukoma, ngati ndikutafuna thonje. Ndamwa theka.

Lachinayi, 14 Januwale

86, kenako 85. Akweza malita kufika 8, tsopano ndi chigoba chophimba mphuno ndi pakamwa. Mutu. Msana.

Agogo a pabedi la pakhomo atisiya masana. Anawapopera mankhwala, anawaika m'thumba la pulasitiki, kenako m'lina. Palibe anawasambitsa. Ndinatembenukira kukhoma.

Lachisanu, 15 Januwale

90. Kutentha kwatsika, 37.8. Lero ndi Ijumaa, tsiku la mapemphero, ndipo bodza lija likundilemera pachifuwa kuposa matendawa. Ndililembe.

Kumaliro ndinapitako. Ndipo sikungopitako chabe, ndinaosha. Ine ndi mayi Mwajuma ndife timasambitsa mitembo ya amayi pamzikiti wathu kufupi ndi Benga. Iwo anayamba ine ndisanakwatiwe, ndipo ndi amene anandiphunzitsa zonse: kuyamba ndi mbali ya kumanja, kusavundukula nsalu, kutembenuza munthu mofatsa ngati akumva.

Maliro ake anali a mayi Zainab. Iwo anadwala mwana wawo atangofika kuchokera ku Joni mu Disembala. Chifuwa, kutentha thupi, kubanika. Kuchipatala sanapite nawo, ankangowafunditsa bulangete pa mphika wa masamba a bulugamu. Masiku awiri omaliza tinakhala nawo m'kachipinda kawo, ine, mayi Mwajuma ndi Asha, mwana wamkazi wa mayi Zainab, windo lotseka chifukwa cha mvula, tikuwamwetsa madzi ndi supuni ndi kuwawerengera Yasini, sura ya m'buku loyera. Anamwalira pa 2 Januwale. Abale anati tizinena kuti ndi malungo. Tinawaosha, tinawakulunga m'sanda yawo yoyera, anaikidwa tsiku lomwelo.

Potuluka mayi Mwajuma anandigwira dzanja. "Rahma, za m'chipinda umu zatsala umu." Ndi lamulo loyamba limene anandiphunzitsa, woosha satulutsa zimene waona. Zaka 19 sindinaliphwanyepo, ngakhale kwa malemu amuna anga.

Koma ndikanena kuti ndikubisa chifukwa cha lamulo lokhalo, ndiye bodza lachiwiri. Mayi Mwajuma nawonso akutsokomola, kuyambira Lachisanu lapitalo. Zaka zawo zapitirira 70, ndipo ali ndi shuga. Tsiku limene Salimu amabwera nane kuno anandiimbira foni. Anati, "Usakanditchule kumeneko. Ndaosha anthu osawerengeka ine. Sindingakatuluke m'pulasitiki ngati nsomba ya mufiriji. Ndifere pamphasa panga, undioshe iweyo." Ndinalonjeza.

Pulasitikiyo dzulo ndamuona. Ndikuwamvetsa.

Loweruka, 16 Januwale

91 pa malita 6. Lero ndili ndi mphamvu, ndilemba zambiri.

Adokotala akuyendera odwala m'mawa anapeza mayi wina watsopano, wa ku Malengachanzi, wachotsa chigoba chake, wakhala tsonga akupesa tsitsi. Amati ali bwino, amutulutse akawokere mpunga mvula isanadule. Atamupanitsa pachala, 74. Adokotala anatiuza tonse kuti timve.

"Matendawa ndi achilendo, nafenso tikuphunzira tsiku ndi tsiku," anatero. "Chibayo chimene tinazolowera, munthu amamva yekha kuti akubanika. Koma ichi, ena mpweya umatsika iwo akucheza, akuseka. Akamadzazindikira, zinthu zafika patali. Ndipo sabata yachiwiri ndiyo timaiopa, makamaka kwa achikulire, a shuga ndi a bipi."

Ndinawerenga ndi zala pansi pa chinsalu. Mayi Mwajuma lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi.

Ndinafunsa kuti, "Adokotala, nanga kumudzi kopanda kachipangizoko, munthu angadziwe bwanji?"

"Kachipangizoko ndiko kamanena zoona. Koma mvetserani polankhula. Ngati akudula mawu pakati kuti apume, musadikire."

Atatuluka ndinaimbira foni mayi Mwajuma.

"Salaam aleikum, amayi. Mwadzuka bwanji?"

"Ndili bwino. Kachimfine chabe. Iweyo akukutani kumeneko?"

"Akundigoneka chafufumimba ngati khanda. Amayi, ndiwerengereni Alhamdu kuti mtima wanga ukhale pansi."

Silinali pemphero lokha limene ndimafuna, nalonso ndi tchimo langa. Sura imeneyi ndawamva akuiwerenga kambirimbiri, amaimaliza atapuma katatu. Lero ndimawerenga ndi mikanda ya tasibihi. Anapuma ka 14.

Ndinaimbira a Shehe Hamza.

"Shehe, woosha akaulula za m'chipinda, tchimo lake ndi lotani?"

"Kuulula chiyani, amayi? Chilema cha mtembo?"

"Ayi. Anthu amene analimo."

Ndikuganiza kuti amadziwa kale. Kenako anati, "Chimene munasungitsidwa ndi manyazi a womwalirayo, zimene maso anu anaona pathupi pake. Zimenezo mupite nazo kumanda. Koma chifuwa cha munthu wamoyo si chinsinsi cha mtembo."

"Ndinalonjeza, Shehe."

"Lapani pa lonjezolo. Limenelo n'lopepuka kuposa kudzalapa pa moyo wa munthu."

"Nanga akadzafera kuno, osaoshedwa?"

"Swala ya maliro tidzaswali, ndipo Allah akudziwa kuti kuli mliri. Koma bwanji mukuthamangira kuwaika, amayi? Munthu akadali moyo."

Ndinapempha a Thokozire kuti andiitanire a Maliko. Anabwera pawindo cha m'ma 2 koloko. Ndinawauza zonse, kupatula zimene sizinenedwa. Ndimayembekezera kukalipiridwa, koma iwo anangotulutsa fomu ina n'kunena kuti, "Simuli oyamba, amayi. Titchulireni mayinawo."

Ndinawachenjeza kuti asayambe ndi ambulansi, anthu adzaunjikana ndipo mayi Mwajuma adzadzitsekera m'nyumba. Apite panjinga yamoto, adzere kwa a Shehe. Kachipangizoko ayambe adzipanitsa okha, kenako a Shehe, kenako mayi Mwajuma. Mayi amenewa sakhulupirira zouzidwa, amafuna kuona okha.

A Maliko atachoka, mayi Iness anati, "Aneba, ndimayesa mumangopemphera m'kope lanulo, kani muli ndi milandu." Ndinalira pang'ono. Madzulo 92.

Lamlungu, 17 Januwale

Mayi Mwajuma afika cha m'ma 3 koloko, pampando wa matayala, sutikesi yawo yobiriwira ili pamiyendo.

A Maliko andiuza pawindo m'mene zinayendera. Chala chawo 98, cha a Shehe 97, cha mayi Mwajuma 79. Mayiwo anati kachipangizoko n'kowonongeka. Anayesa zala zonse za dzanja lamanja, n'kuyambanso lamanzere. Kenako anangoti, "Nditsitsireni sutikesi."

Awagoneka pabedi loyang'anizana ndi langa. Chigoba, malita 10. Shuga 23, awabaya insulini. Ndinawapatsa salamu, anayankha salamuyo chifukwa ndi lamulo, koma maso ali kudenga. Basi.

Asha amupeza ndi korona koma ali pa 96, akhala kunyumba payekha, a zaumoyo azimuyendera. Nasra ndi Salimu alibe. Alhamdulillah.

Nasra akuti kumudzi akunena kuti ndagulitsa maliro a mayi Zainab kwa aboma, ndipo abale awo sanamuyankhe moni pachitsime. Ndamuuza asayankhe kanthu. Mwina sadzandiitananso kukaosha. Zikundiwawa, koma ndikanachitabe chimodzimodzi.

Lolemba, 18 Januwale

Ine 93 pa malita 4, andibwezera timapaipi ta m'mphuno. Mayi Mwajuma 84.

Akukana kugona chafufumimba. Agonera mbali ya kumanja, nkhope kuloza kibula, momwe timagonekera anthu otsirizika. Zimene zili m'sutikesi pansi pa bedi ndikuzidziwa. Ndi sanda yawo, anaigula kalekale, anaidula okha zidutswa zisanu.

Mayi Iness anayesa. "Agogo, ngati mwadula kale tiketi, basi yadzaza, mudikira ina. Tembenukani mupume." Sanatembenuke.

Ndinafunsa adokotala ngati matendawa ndinawatenga poosha, ngati ndi chilango cha kuphwanya malamulo. Anati, "Sindingalumbire kuti munawatenga pati. Koma mtembo sutsokomola, amayi. Chimene ndikuopa ine ndi masiku awiri aja, anthu anayi m'kachipinda kotseka windo, opanda masiki." Ndiye kuti si madzi oosha aja, ndi chifundo chathu chimene tinachichita mosadziwa. Ndawerenganso mawuwa kawiri. Tsiku lina tikadzakhala ndi wodwala, windo ndidzatsegula ndekha ngakhale kugwe mvula.

Lachiwiri, 19 Januwale

Ine 94. Mayi Mwajuma m'mawa 82.

Lero mabedi onse adzaza ndipo a Thokozire ali okha, anzawo awiri adwala. Anaima pabedi la mayi Mwajuma n'kunena kuti, "Agogo, oksijeni wafika pomaliza pa makinawa. Chatsala ndi choti mutithandize inu." Mayi Mwajuma anatseka maso.

Ndinapempha kuti andilole kudzuka. Anandilumikizira paipi yaitali, ndinayenda mapazi asanu ndi awiri, ndinagwada pambali pa bedi lawo.

"Amayi," ndinatero, "munandiphunzitsa kutembenuza munthu osamupweteka. Zaka zonsezi ndatembenuza anthu amene sangandiuze ngati ndikukhoza. Ndiloleni nditembenuze mmodzi wamoyo."

Sanavomere, sanakane. Ndinapinda mkono wawo pachifuwa, dzanja langa lina paphewa, lina m'chiuno, a Thokozire agwira mutu ndi chigoba. Bismillah. Tinawatembenuza, chinsalu osavundukuka ngakhale pang'ono. A Thokozire anandifunsa kuti ndinaphunzira kuti, akuti ophunzira unesi ena satha chonchi.

Mawu anatuluka m'pilo, oyamba kuyambira Lamlungu. "Ukadali ndi phuma padzanja lamanzere. Ndinakuuza kale."

Ndinawaikira kachipangizoko pafupi ndi maso kuti aziona okha. 82, 84, 87. Patatha ola, 90. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Kayesenso chala china."

Pobwerera pabedi langa ndinali pa 89, anesi anandikalipira. Ndavomera.

Lachitatu, 20 Januwale

Ndatopa ndi za dzulo. 93. Iwo 88 mpaka 91, shuga 16. Tawatembenuza katatu.

Lachinayi, 21 Januwale

Ndadzuka ndikumva kununkha kwa kulorini. Poyamba ndinanyansidwa, kenako ndinazindikira kuti mphuno zabwerera. Nasra anabweretsa kondowole ndi usipa, ndinayamba ndanunkhiza nthawi yaitali ngati wamisala ndisanadye. Ndamaliza zonse.

Malita 2, ndili pa 95. Jakisoni wa chibayo atha. Dekisametazoni lero ndi womaliza, akuti ndi masiku khumi basi. Mayi Mwajuma amawayeza shuga kanayi patsiku chifukwa mankhwala omwewa amamukweza. Anesi afotokoza kuti n'chifukwa chake munthu asamangogula kumsika n'kumamwa yekha, ndi a odwala amene afika pa oksijeni okha.

Mayi Iness atuluka. Anavina pakhomo, masitepe atatu, n'kukhala pansi kupuma. Anandiuza kuti akandipempherera ku tchalitchi kwawo kaya ndikufuna kaya sindikufuna. Kwa mayi Mwajuma anati, "Agogo, basi ija yapita, mwatsala." Mayi Mwajuma anayankha m'chigoba kuti, "Pakamwa ngati wailesi." Wodi yazizira.

Mayi wa ku Malengachanzi uja ali pa 92, chigoba sachotsanso.

Lachisanu, 22 Januwale

Ijumaa. Andichotsa oksijeni kuyambira 8 koloko kuti aone. Chokhala 94. Atandiyendetsa kukafika pakhomo n'kubwerera kasanu, 92. Adokotala akuti zikapitirira chonchi, Lolemba ndituluka.

Ndaswali chokhala, koyamba kuchokera tsiku limene ndinalowa. Ndapempha chikhululuko pa bodza limene ndinauza a Maliko, ndi pa masiku anayi amene ndinakhala chete. Pa lonjezo limene ndinaphwanya ndapemphanso, koma ndikaunguza mumtima sindikupezamo chisoni. Allah ndiye akudziwa.

Mayi Mwajuma 91 pa malita 6. Adya nthochi ziwiri. Amandilankhula pokhapokha akafuna kutembenuzidwa kapena kundidzudzula.

Loweruka, 23 Januwale

95 wopanda kanthu m'mphuno. Ndachapa mpango wanga ndekha, ndinapuma kawiri.

Asha waimba. Ali bwino, wangotsala ndi kufooka. Sanatchule za kumudzi, inenso sindinafunse. Pomaliza anati, "Anti, agogo Mwajuma akupeza bwanji?" Ndamuuza manambala.

Lolemba, 25 Januwale

Anditulutsa. 96. Andiuza kuti ndizivala masiki, ndisathamangire kudimba, kufooka kutenga masabata, ndipo ndikayamba kubanika kapena mwendo ukatupa ndibwerere msanga. Ndalemba zonse kumapeto kwa kope.

Ndikulongedza, mayi Mwajuma anandikodola. Lero ali pa timapaipi ta m'mphuno, malita 4.

"Rahma, koka sutikesi."

Ndinakoka, ndinatsegula. Anandilozera mtolo woyera uja.

"Kaibwezere kwathu, pamwamba pa kabati. Uikemo timibulu ta njenjete, ikhalitsa kumeneko."

A Thokozire anati chilichonse chotuluka muno chimayenera kupoperedwa ndi kumangidwa m'thumba. Anabweretsa pulasitiki, anaikamo sandayo, anamanga, n'kuikanso m'thumba lina. Mayi Mwajuma ankangoyang'ana mpaka mfundo yomaliza.

"Ndiye yatuluka m'pulasitiki ndi sandayo," anatero.

"Eya, amayi."

"Usaganize kuti ndakukhululukira. Unandilonjeza iwe."

"Ndikudziwa, amayi."

"Nkhani imeneyi tikaikamba kunyumba, ndikatuluka. Undidikire."

"Ndikudikirani."

Anatambasula dzanja, ndimayesa akufuna kunditsanzika. Kani amafuna kachipangizo. Ndinawapanitsa pachala, tinayang'ana tonse awiri. 93.

Ndikulemba izi pabenchi ya pageti, ndikudikira Salimu, thumba lija lili pamiyendo panga. N'lopepuka.